Kodi m'miyambo ya kwathu muli mfumukazi ya ziwanda ngati Lilith?

Nabanda, Rosettenville:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino Baibulo ndi miyambo ya makolo. Kumpingo kumene ndimasonkhana kuno ku Johannesburg, komwe tilipo Amalawi ambiri pamodzi ndi anzathu a ku Zimbabwe ndi ku Congo, pa mapemphero omasula anthu amatchula kawirikawiri mfumukazi ya m'nyanja, mzimu wa Yezebeli ndiponso Lilith, amene akuti ndiye mayi wa ziwanda zonse ndipo amachititsa kuti amayi azipita padera. Ine ndinakulira ku Dedza m'banja lopemphera, koma za mafumukazi oterewa sindinazimvepo kwa agogo anga kapena kwa abusa athu. Kodi Lilith ameneyu anachokera kuti, ndipo kodi Achewa akale anali naye wofanana naye?

Phiri, Turffontein:

Mayi Nabanda, dzina limeneli limapezeka kamodzi kokha m'Baibulo lachiheberi, pa Yesaya 34:14, pamene mneneri akufotokoza zilombo zimene zidzakhale m'mabwinja a Edomu, ndipo omasulira ambiri analembapo kadzidzi kapena chilombo cha usiku. Nkhani yakuti iye anali mkazi woyamba wa Adamu mu Genesis mulibemo. Inalembedwa patapita zaka mazana ambiri, m'buku lachiyuda lotchedwa Alphabet of Ben Sira, limene limati anawumbidwa ndi dothi monga Adamu, anakana kumugonjera, nathawira ku Nyanja Yofiira. Kumeneko anamupeza angelo atatu, Senoy, Sansenoy ndi Semangelof, ndipo iye analonjeza kuti sadzakhudza khanda limene lili ndi chithumwa cholembedwa mayina awo. Ufumukazi wake unadza mochedwanso kuposa pamenepo, m'mabuku a Kabbalah, chiphunzitso chachinsinsi cha Ayuda, monga Zohar, yolembedwa ku Spain m'zaka za m'ma 1200, mmene akutchulidwa kuti ndi mkazi wa Samael, mkulu wa ziwanda.

Koma mantha amene anabala nkhanizi ndi akale kwambiri. Ku Mesopotamia kunali Lamashtu, mwana wamkazi wa mulungu Anu, ndipo pa zithumwa zimene zinafukulidwa amaoneka ndi mutu wa mkango, atagwira njoka m'manja, akuyamwitsa galu ndi nkhumba. Ankamunena kuti amalowa m'nyumba mwakachetechete, nakhudza mimba ya mayi woyembekezera kapena kulanda mwana pa bere, chotero amayi ankavala m'khosi kamutu ka Pazuzu, chiwanda chachimuna choopsa, kuti chimuthamangitse. Agiriki nawo anali ndi Lamia, mfumukazi ya ku Libya, imene itatayikiridwa ana chifukwa cha nsanje ya Hera, mkazi wa mulungu Zeus, inasanduka yodya ana a anzake. Ine ndimaona kuti pamene pali chiwanda chachikazi chotchuka, pafupi pake pamakhala manda a makanda, chifukwa anthu amene sankadziwa za tizilombo toyambitsa matenda ankafuna dzina ndi nkhope ya chimene chinkawalanda ana usiku.

Nangondo, Yeoville:

Zimene afotokoza a Phiri ndazikonda, ndipo ine ndiyankhe mbali yachiwiri ya funsolo monga munthu amene anakulira m'manja mwa anamkungwi ku Lilongwe. Mfumukazi ya ziwanda kwathu kunalibe. Chiwanda chinali mzimu wa munthu wakufa umene sunakhazikike, kaya chifukwa mwiniwake anali mfiti kapena maliro ake sanalongosoledwe, ndipo ziwanda zinalibe bwalo lachifumu ndi mayi wozilamulira. Mkazi wamkulu wa zamizimu amene makolo ankamudziwa anali Makewana wa pa kachisi wa ku Msinja, kufupi ndi Dzalanyama, ndipo iyeyu anali wodzetsa mvula, osati imfa. Ankatengedwa ngati mkazi wa Thunga, njoka yoyimira Chauta, sankameta tsitsi lake, ndipo ankatumikiridwa ndi atsikana otchedwa matsano. Ku Nsanje, pa kachisi wa Khulubvi, mkazi wa Mbona amatchedwa Salima. Ngakhale m'Gule Wamkulu, Kasiyamaliro, chilombo cholemekezeka chimene chimaperekeza wakufa, chimatengedwa ngati mayi, ndipo amene akufuna kuona zimenezi ndi maso akapite ku Kungoni, malo osungirako zachikhalidwe ku Mua.

Sikuti makolo analibe mantha a imfa za makanda, popeza ankaika ana ambiri, ndipo mwana wofa asanatuluke m'chikuta ankakamutaya amayi okhaokha, popanda kulira mokweza. Kusiyana kwake ndi kwakuti iwo sankayang'ana kuchipululu kapena kunyanja, ankayang'ana m'nyumba momwemo. Mwana akayamba kutupa ndi kuonda ankati ndi tsempho kapena mdulo, ndipo funso linkakhala lakuti ndani mwa makolo wadumpha mwambo mwana asanatengedwe kumphasa, kapena ndani wathira mchere m'ndiwo pa nthawi yosayenera. N'chifukwa chake panali kamkanda ka m'chiuno, mankhwala a paliwombo ndi malangizo ambirimbiri a m'chikuta, zimene ntchito yake inali yomweyo ya zithumwa zimene a Phiri atchula.

Mbewe, Germiston:

Ponena za mfumukazi ya m'madzi, mayi Nabanda, imeneyo yatipeza kudzera m'misewu iwiri. Wina ndi wa kumadzulo kwa Africa, kumene Mami Wata amajambulidwa ngati mkazi wokongola atakoleka njoka m'khosi, ndipo mipingo ya Chipentekoste ya ku Nigeria ndi ku Ghana inamuika m'gulu la ziwanda, kenaka maulaliki ndi mafilimu awo anafalitsa zimenezi mpaka kuno. Wina ndi wa konkuno ku South Africa, kumene Axhosa amakamba za Mamlambo, amene akuti munthu amamugula kwa sing'anga ngati kamuzu kapena kachikopa, kenaka amasanduka njoka yaikulu kapena mkazi wokongola wobweretsa ndalama, koma pomaliza amafuna magazi a abale a mwiniwake. Sing'anga wotchuka Khotso Sethuntsa, amene anamwalira mu 1972, anadziwika kwambiri ndi mankhwala a chuma oterewa. Nkhaniyi inamera mizu m'nthawi imene amuna ankasiya akazi kumudzi n'kubwera kumigodi, ndipo kwa ife siyachilendo kwenikweni, chifukwa ndi kukhwima komwe kuja kofuna chizimba. Mpaka lero timapepala tomatidwa pa mapolo a magetsi kuzungulira Park Station, siteshoni yaikulu ya sitima ku Johannesburg, timalonjeza chuma cha msanga chomwecho kwa anthu amene akusowa ya lendi.

Nankhoma, Berea:

Ndikugwirizana ndi mayi Nangondo kuti tinalibe mfumukazi yotero, koma sindikufuna kuti tidzitamande nazo, chifukwa mlandu umene ena ankausenzetsa chiwanda ife timausenzetsa munthu wamoyo, ndipo kawirikawiri amakhala gogo wamasiye wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Ku Bali, chilumba cha ku Indonesia, kuli Rangda, mfumukazi ya afiti yokhala ndi mano otuluka kunja ndi lilime lalitali, imene imamenyana ndi Barong, chilombo choyimira zabwino, m'magule awo, ndipo nthano yake imagwirizana ndi ya Calon Arang, mayi wamasiye wa m'nthawi ya mfumu Airlangga ya ku Java, amene akuti anadzetsa mliri atakwiya poona kuti palibe wofunsira mwana wake. Kumeneko wamasiyeyo ndi chigoba chovina pabwalo, pamene ku Neno mu Januwale 2016 okalamba anayi a banja limodzi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo, powaganizira ufiti mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Lamulo la zaufiti la 1911 ku Malawi limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo la 1957 kuno ku South Africa limaletsanso chimodzimodzi, koma ku Limpopo m'zaka za m'ma 1990 kuphana kunafika poti boma la chigawocho linakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogoleredwa ndi Pulofesa Ralushai.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa mapemphero mwatchulawo n'chakuti mzimu wa Yezebeli sautchula m'malere, amaloza nawo mayi wina wake amene wakhala pa benchi lachitatu, mwina wosabereka, mwina wosakwatiwa, mwina wongolankhula molimba mtima pa msonkhano wa mpingo. Yezebeli wa m'buku la Mafumu anali munthu, mwana wa Etibaala mfumu ya Asidoni ndiponso mkazi wa Ahabu, ndipo Baibulo silimutchula kuti chiwanda. Ine kupemphera sindikuletsa, koma mayi amene wapita padera kawiri kapena katatu ayeneranso kupita kuchipatala kuti akamupime magazi, kuthamanga kwa magazi, shuga ndi chindoko, ndipo akakhalanso ndi pakati ayambe sikelo mwamsanga, popeza zina mwa zimene zimachotsa mimba zili ndi mankhwala ake.