Za fumbi la ku kwale: mjigowu tikumbe ife kapena ayi?

Wapampando: Abale, eni kwale aja ayankha kalata yathu yodandaula za fumbi ija. Akuti adzaika makina opopera madzi ngati nkhungu pa kirasha (chimakina chophwanya miyala), koma akupempha gulu lathu lithandizeko kukumba mjigo woti makinawo azitungako madzi. Mukuti bwanji?

Msungichuma: Iii a tcheya, fumbi lawo, phindu lawo, mjigo tikumbe ife?? Nanga bawuza yothira madzi mumsewu ija siyikukwana?

Membala wa ku migodi: Achemwali bawuza ndi ya msewu basi, singathandize pa kirasha pomwe mwala ukusweka. Fumbi lomwe mumaliona pazovala sindilo loopsa kwenikweni, loopsa ndi losaoneka lija losafika ma micron 10 kukula kwake (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), limalowa mpaka mkati mwa mapapo ndipo ngati mwalawo uli ndi silika (chinthu chopezeka mumchenga ndi m'miyala yambiri) munthu amadwala silikosisi, matenda osachizika, komanso TB imamugwira mosavuta. Ndiye mukathira ndi payipi wamba madontho amakhala akuluakulu, akamagwa amakankha mpweya, tifumbi tosaoneka tija timangolambalala limodzi ndi mpweyawo, pansi matope okhaokha. Pampu ya makinawa imakankha madzi mwamphamvu, pa muyeso wa ma bar pafupifupi 70 (tayala la galimoto yaing'ono limangokhala ndi 2 ndi pang'ono) ndiye timadontho timatuluka tating'ono pafupifupi ngati fumbilo, timagundana nalo nkulemera nkugwa pompo.

Mlembi: Zamveka achimwene. Nanga kukawomba mphepo?

Membala wa ku migodi: Apo ndiye pali vuto, nkhungu imapita ndi mphepo. Nchifukwa chake ma nozzle (timilomo totulutsira nkhunguyo) amayenera kukhala pakamwa pa kirasha ndi pomwe lamba amakhuthulira miyala, ndipo malowo atchingidwe ndi malata. Akangowaika pampanda kuti anthu odutsa aziona, dziwani ndi chiphamaso.

Msungichuma: Mwaonatu! Ine ndalama za mamembala sinditulutsa pa chinthu choti chigwira mwezi umodzi.

Mayi namwino: Ndilowererepo pang'ono. Mabowo a ma nozzle aja ndi ang'ono zedi, madzi a mjigo akakhala ndi mchenga kapena laimu amatseka msanga, ndiye sefa azisintha ndani? Komanso madzi okhalitsa muthanki yotentha ndi dzuwa amaswa tizilombo ta Legionella, mukawapopera anthu nkumapuma ndi chibayo chimenecho. Thanki izitsukidwa. Ogwira ntchito asavule mamasiki ati poti kwabwera nkhungu.

Wapampando: Koma tisawakane kotheratu abale, aka nkoyamba kutiyankha bwinobwino.

Mlembi: Ine ndikuti makina, mjigo ndi kukonza zonse zikhale zawo, ife gawo lathu likhale kuyendera. Atipatse polemba kuti ma nozzle aika pati, wokonza ndi ndani, ndipo pampu ikafa kirasha iziima.

Msungichuma: Pomaliza apo sangavomere amenewo kkkk

Wapampando: Lembani choncho a mlembi, tikamve okha akukana. Achimwene a ku migodi mupite nawo, mafunso a ma bar aja ife sitingawathe.