Zida zoimbira zikuwonongeka m'galaja, ndithandizeni

Moni nonse m'gulu muno, makamaka inu odziwa za zida zoimbira.

Ndili ku Mchinji kuno, pafupi ndi pa boma. Zida za kwaya yathu zimagona m'galaja mwathu: kiyibodi ya Yamaha, gitala, mikisa (chida chosakanizira mawu) ndi masipika awiri. Galajayo ndi ya malata, yopanda siling'i. Mu June ndi July kumazizira koopsa, m'mawa malata amachita kudontha madzi mkati. Ikafika October mumatentha ngati mu uvuni.

Chaka chino khosi la gitala lapindika, mawaya achita dzimbiri, ndipo mikisa ikumakhekheza ukapotokola mabatani. Makoswe nawo aboola sipika imodzi.

Ndinazikweza pa matabwa kuti zisakhudze simenti. Kenako ndinazikuta ndi pulasitiki wakuda, koma apo ndiye ndinalakwitsa: chinyezi chinangotsekeredwa mkati, nkhungu n'kumera pa chikwama cha kiyibodi. Timapaketi toyamwa chinyezi tija ta m'mabokosi a nsapato ndinaikamo, sitinakwane. M'nyumba malo mulibe, ana ali anayi.

Ndichite chiyani mvula isanayambe? Kodi makala amayamwadi chinyezi? Nanga gitala ndizimasula mawaya ndikamaisunga nthawi yaitali?