Injini ya 350 ya Buick ingalowe mu Chevrolet?

Mnyamata wa ku Mufakose:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Amalume anandisiyira Chevrolet C10 yakale, koma injini yake ya 350 inang'ambika buloko. Ku Siyaso, ku Mbare, kuli bambo wina akugulitsa 350 yochokera mu Buick. Akuti zonse n'za General Motors, malita 5.7, ndingomanga basi. Ndipereke ndalama?

Makaniko wa ku Gazaland:
Achimwene, ndalamazo zibakhala m'thumba. Nambala ndi imodzi koma injinizo si pachibale. Masiku amenewo Chevrolet, Buick, Oldsmobile ndi Pontiac aliyense ankapanga 350 yakeyake. Ya Chevrolet inayamba mu 1967 mu Camaro, bore (kukula kwa bowo la silinda) mainchesi 4.00, stroke (mtunda umene pisitoni imayenda) 3.48. Ya Buick inabwera mu 1968, bore 3.80, stroke 3.85. Ndiye pisitoni, mahedi, magasiketi, palibe chimene mungasinthanitse.

Mukapitanso kaoneni distributor, kachipangizo kogawa moto ku mapulagi. Ikakhala kutsogolo ndiye Buick yeniyeni, ya Chevrolet imakhala kumbuyo. Koma mutu udzakupwetekani pa giyabokosi. Mabawuti a bellhousing (polumikizira giyabokosi ku injini) a Buick, Oldsmobile ndi Pontiac amagwirizana okhaokha, Chevrolet ili ndi ake. Popanda adapter simumanga, ndipo ma mounting ndi ekizozi muyambiranso kuwotcherera.

Mdala wa ku Highfield:
Amakaniko anena zoona, koma Buick musainyoze, ana inu. Stroke yaitaliyo imakoka bwino ikamayenda pang'onopang'ono, ndipo galimoto yonyamula katundu imafuna zomwezo. Chofooka chake ndi pampu ya oyilo. Ili kutsogolo mu timing cover (chivindikiro cha kumaso kwa injini) ya aluminiyamu, ikadyeka presha imatsika injini ikatentha. Ngakhale ku America nkhani ya kusiyana kwa ma 350 inavutapo: mu 1977 anthu anagula Oldsmobile n'kupeza 350 ya Chevrolet m'kati, mpaka nkhani inakafika kukhoti.

Makaniko wa ku Gazaland:
Bambo, kukoka sindikukana. Nanga sipeya? Za Chevrolet mukaitanitsa ku Joni zimabwera. Timing cover ya Buick mukaipeza kuti muno mu Harare?

Mnyamata wa ku Mufakose:
Zikomo kwambiri nonse. Ndapita m'mawa uno, distributor ilidi kutsogolo, ndiye ndawauza ogulitsawo kuti ndibaganiza. Amakaniko, Loweruka ndingabweretse buloko yangayo kuti muione ngati ingawotchereke? Mng'aluwo uli kunja, pafupi ndi sitata.