Za peptide yolowetsa m'maselo ndi magetsi: mmene zayendera

Anzanga, ndinafunsa kuno chifukwa chake maselo anga a HeLa (maselo a khansa ya munthu olereredwa mu labotale) ankafa ambiri ndikawadutsitsa magetsi kuti peptide (kachingwe kakafupi ka ma amino acid, ngati kachidutswa ka puloteni) ilowe kudzera m'timabowo tomwe magetsiwo amaboola pa khungu la selo. Zikomo kwambiri kwa onse amene munandiyankha. Tsopano zinthu zasintha.

Choyamba ndinatsitsa mphamvu. Mu cuvette (kachubu koikamo maselo podutsitsa magetsi) ya mpata wa 4 mm, 400 V imapereka 1,000 V/cm, ndipo m'madzi a mchere wambiri ngati PBS kutentha kumakwera msanga. Pa 250 V, yomwe ndi 625 V/cm, maselo ambiri akumamatiranso pansi pa mbale tsiku lotsatira, kusonyeza kuti ali moyo.

Koma chomwe chinandithandiza kwambiri ndi nkhani ya asidi wotchedwa TFA (trifluoroacetic acid) imene mmodzi wa inu anatchula. Peptide yopangidwa kufakitale nthawi zambiri imabwera ndi asidi ameneyu. Nditadontheza peptide pang'ono mu medium (madzi olereramo maselo), mtundu wofiira uja wa phenol red (utoto wosonyeza kuchuluka kwa asidi) unasanduka wachikasu ndikuona. Maselo ongobooledwa kumene sangapirire asidi wotere. Panopa ndimakonza pH (mlingo wa asidi) kaye peptide isanafike ku maselo.

Chenjezo kwa amene mukugwiritsa ntchito FITC (utoto wowala mobiriwira womatidwa pa peptide kuti ioneke): kuwala kobiriwira sikutanthauza kuti peptide yalowa. Yambiri imangokakamira kunja kwa khungu la selo. Tsukani maselo ndi trypsin (enzyme yodula mapuloteni) musanayeze, ndipo khalani ndi gulu lina lomwe lalandira peptide koma osadutsitsidwa magetsi.

Chomwe chikundivutabe n'chakuti ma enzyme a m'kati mwa selo amaidula peptide msanga. Kodi alipo amene anayesapo kuika timagulu ta mankhwala ta acetyl ndi amide kumapeto kwake kuti isadulidwe msanga?