Andibwezera sikiripiti ya NWSL kawiri, thandizeni akuluakulu

Wachilendo pa Desiki:
Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndapanikizika ndipo nthawi yanditheratu, pulogalamu ikuwuluka Loweruka. Andipatsa mphindi 12 kuti ndiwombe mkota pa sizoni ya 2024 ya NWSL, ligi ya mpira wamiyendo wa amayi ya ku America ija, mukudziwa kale chifukwa chake ndi Temwa Chawinga. Nde ndalemba kawiri ndipo kawiri konse bwana mkonzi andibwezera pepala lili psuu ndi inki yofiira. Koyamba vuto linali loti pamwamba ndinalemba kuti Orlando Pride inatenga ligi pa 6 October, pansi ndalembanso kuti inatenga ligi pa 23 November, nde akundifunsa kuti ligi imodzi imatengedwa kawiri bwanji. Kachiwiri ndi zigoli za Temwa, masamba ena a pa intaneti akuti 20 ena 21, ine ndinayika 21 poyambirira ndi 20 m'katimu, apo pokha ndavomera ndinalakwa ndine kkkk. Ndilongosole bwanji kuti munthu amene sanaonerepo gemu ngakhale imodzi amve?

Achemwali a Ziwerengero:
Mng'ono wanga masiku onse awiriwo ndi olondola, chimene chakupweteka ndi mawu oti "ligi" amene wawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri zosiyana. Kumeneko kuli zikho ziwiri. Matimu analipo 14 mu 2024 chifukwa kunalowa Bay FC komanso Utah Royals inabwerera, timu iliyonse inasewera magemu 26, ndipo amene wathera pamwamba pa tebulo amapatsidwa NWSL Shield. Orlando inatsimikiza imeneyo pa 6 October itagonjetsa Washington Spirit 2-0, magemu ena akadalipo. Inamaliza ndi mapointi 60, kupambana 18, kulepherana 6, kugonja kawiri kokha. Koma eni akewo satchula timu ya Shield kuti ndi akatswiri. Tebulo likatha amatenga matimu 8 apamwamba n'kuwalowetsa mu ma playoffs, gemu imodzi imodzi, amene wapambana fainolo ndi amene amamutchula katswiri wa NWSL. Nde mu 2024 Orlando inangokolola zonse ziwiri, mpake wasokonezeka.

Madala a pa Mayiki:
Achemwali anena zoona koma pa wailesi musayambe ndi mawu a Shield ndi playoffs, womvera mwamutaya pomwepo. Anthu athu anazolowera za ku England zoti amene wathera pamwamba ndiye mwini ligi basi nkhani yatha. Nde muyambire pa zimene akudziwazo. Nenani kuti ku America kuthera pamwamba kumakupatsa chishango chokha, chikho cha ukatswiri umakachimenyeranso pena. Mawu awiri, chishango ndi chikho, muwagwire kuyambira poyamba mpaka pomaliza osawasinthanso. Mawu oti "kutenga ligi" muwafufute paliponse mu sikiripitimo.

China, ndaona ana ena akulemba kuti ntchemberembaye akamanena mpira wa amayi. Chonde ayi. Munthu akamva zimenezo akuganiza za netibolo.

Wachilendo pa Desiki:
Zikomo madala, chishango ndi chikho ndagwira. Nanga ma playoffs ndinene chani? Ndinalemba "ndime yachipulula" koma sindikumva bwino m'kamwa.

Mkonzi Wausiku:
Chipulula ayi aise, chimamveka ngati masewero osakira malo mu mpikisano umene sunayambe. Ine ndimangoti "ndime ya wogonja watuluka" kamodzi poyamba, kenako ndime ya matimu asanu ndi atatu, ndime ya matimu anayi, ndime yotsiriza. Palibe anandiimbirapo foni kuti sanamve.

Achemwali a Ziwerengero:
Tsopano za zigoli, apa nde mumvetsere chifukwa ndi pomwe anthu ambiri akugwera, ngakhale atolankhani akuluakulu. Mabuku a zigoli kumeneko ndi osiyana. Zigoli 20 ndi za magemu a tebulo aja, ndipo ndi zimene zinamupatsa Golden Boot komanso ndi zimene zinaphwanya mbiri ya Sam Kerr wa ku Australia amene anamwetsa 18 mu 2019 ali ku Chicago Red Stars. Cha 21 chinabwera mu ndime ya matimu 8 pomwe timu yake ya Kansas City Current inatulutsa North Carolina Courage 1-0, chigoli chokhacho chinali chake. Nde amene akulemba 21 sakunama, angophatikiza mabuku awiri. Koma ukanena kuti "anaphwanya mbiri ndi zigoli 21" apo wanama, chifukwa mbiri imene tikukambayi amawerengera za tebulo zokha.

Palinso ziwiri zimene anamwetsa mu fainolo ya Summer Cup, mpikisano umene matimu a NWSL anasakanikirana ndi a ligi ya amayi ya ku Mexico, Kansas City inaswa Gotham 2-0 ku San Antonio mu October. Zimenezo ndi za buku lachitatu, osaziponya m'dengu limodzi.

Wa Masewero Pakanema:
Ine ndinapsa nazo kale zimenezi. Ndinauza mnyamata wa zojambula kuti ayike nambala ya zigoli pa sikirini, iye anatenga 21 pa foni yake ine pakamwa ndikunena 20, nde taganizani kanema akuwulutsa pompopompo, ine ndikulankhula molimba mtima kuti zigoli makumi awiri kumbuyo kwanga kuli 21 wamkulu ngati chitseko. Sindinaone kanthu mpaka wa kamera anayamba kundikodola ndi dzanja kuloza kumbuyo, ine ndimvekere mwina tayi wapendama n'kumakonza tayi. Ma meseji amene anabwera usiku umenewo sindidzaiwala. Chiyambire tsiku limenelo nambala iliyonse ndimailembera pambali kuti yachokera buku liti, "20, tebulo lokha", ndipo pepala lomwelo ndi limene limapita kwa wojambula, asafufuzenso yekha.

Mkonzi Wausiku:
kkkkk tayi. Ndinaionera imeneyo achimwene.

Koma ine ndili ndi kankhani kena kamene mwina mundikwiyira nako. Tikamanena za mbiri ya Kerr tizinena chilungamo chonse. Mu 2019 sizoni inali ya magemu 24, mu 2024 inali ya 26, komanso Kerr anajomba magemu ena chifukwa anali ku World Cup ku France. Womvera wochenjera akudziwa zimenezi ndipo akaimba foni ife tizioneka ngati tabisa dala poti Temwa ndi wathu.

Madala a pa Mayiki:
Sindikukwiya koma mphindi zake ndi 12 bwana, si kalasi ya masamu. Chiganizo chimodzi chikwanira, sizoni ya Kerr inali yofupikirapo ndi magemu awiri, basi mwadutsa. Ndipo mukatero mubwere ndi mfundo imene palibe angaitsutse, yoti Temwa anamwetsa timu ina iliyonse mu ligimo, onse 13 analawa, palibe goloboyi anapulumuka. Imeneyo ndi imene imamveka bwino pa wailesi kuposa nambala, chifukwa munthu amaiona m'maso. Muonjezerepo kuti chinali chaka chake choyamba ku America kuchokera ku Wuhan ku China ndipo anasankhidwa kukhala MVP, apo munene kuti wosewera wopambana onse mu ligi, zilembo zitatuzo zisiyeni.

Mkonzi Wausiku:
Chiganizo chimodzi ndavomera. Bola chikhalepo.

Wachilendo pa Desiki:
Ndalemba zonse. Vuto latsala ndi kutalika, ndikawerenga mokweza zikukwana mphindi 17. Muli za bwalo latsopano la Kansas City, za katswiri wa ku America Alex Morgan kusiya mpira mu September, za ndalama zimene Bay FC inagulira Racheal Kundananji, za mgwirizano watsopano wa osewera umene unathetsa draft (njira imene matimu ankasankhira osewera atsopano mosinthana), za tchuthi cha ma Olympics a ku Paris, za mphoto zonse mpaka ya goloboyi. Ndidule ziti?

Achemwali a Ziwerengero:
Za draft chotsa, kuti ulongosole chimene chathetsedwacho uyamba walongosola kaye kuti draft ndi chani, mphindi ziwiri zapita. Imeneyo ndi pulogalamu payokha tsiku lina. Mndandanda wa mphoto chotsanso. Za bwalo usachotse, CPKC Stadium ndi bwalo loyamba kumangidwira timu ya mpira wa amayi payokha, limalowa anthu 11,500, linatsegulidwa pa 16 March ndi gemu yamisala imene Kansas City inapambana Portland Thorns 5-4, ndipo fainolo inachitikira pomwepo. Nde pali kankhani kowawa apo kamene ukuyenera kukagwiritsa ntchito, timu ya Temwa inatsala gemu imodzi yokha kuti isewere fainolo pakhomo pawo penipeni, koma inagonja 3-2 ku Orlando mu ndime ya matimu anayi, Marta wa timu ya Orlando, wa zaka 38, akupinda anthu kumbuyo ngati mtsikana n'kumwetsa chachitatu. Eni bwalo anakaonera alendo akunyamula chikho pabwalo pawo.

Madala a pa Mayiki:
Eya, msana wa pulogalamu yanu ndi umenewo achemwali aupeza. Musayende mwezi ndi mwezi ngati kalendala, anthu agona. Tengani atsikana awiri oyandikana mayiko, Temwa ndi Barbra Banda, onse anachokera ku matimu a ku China chaka chomwecho, wina watenga zigoli ndi mphoto ya wosewera wopambana, wina watenga chishango ndi chikho. Banda anamwetsa 13 pa tebulo, wachiwiri kwa Temwa, koma itafika ndime ya wogonja watuluka anamwetsa zinayi kuphatikizapo chigoli chokhacho cha mu fainolo, Orlando 1 Washington Spirit 0. Nkhani ya mabuku awiri ija ikudzilongosola yokha pamenepo, wina anawala mu buku loyamba wina mu lachiwiri. Kundananji mumutchule mzere umodzi pomwepo poti ndi mnzake wa Banda ku timu ya dziko lawo, Morgan mzere umodzi kumapeto ngati nthawi ilipo.

Ndipo nthawi yoyamba kutchula Banda munene kuti wa ku Zambia. Dzina limenelo mukalisiya lokha theka la omvera liganiza kuti ndi wakwathu, mudzavutika ndi mafoni.

Wa Masewero Pakanema:
Komanso musaipeputse Kansas City pongoti inathera pa nambala 4. Mapointi anali Orlando 60, Spirit 56, Gotham 56, Kansas City 55, kenako phompho, wachisanu North Carolina anali ndi 39. Matimu anayiwo anali pawokha ndipo ndi omwewo anakumana mu ndime ya matimu anayi. Kansas City ndi imenenso inamwetsa zigoli zambiri kuposa onse, 57. Nambala 4 payokha imamveka ngati timu yapakatikati pomwe sizinali choncho.

Wachilendo pa Desiki:
Taonani poyambira pamene ndalemba tsopano, mundiuze ngati pali bho:

"Mu ligi ya mpira wa amayi ya ku America muli mphoto ziwiri za matimu. Timu yothera pamwamba pa tebulo imalandira chishango, koma ukatswiri umapezeka pa chikho chimene matimu asanu ndi atatu apamwamba amalimbirana, wogonja watuluka. Mu 2024 zonse ziwiri zinapita ku Orlando Pride. Koma dzina limene linali pakamwa pa aliyense ndi la Temwa Chawinga wa Kansas City Current, amene mu magemu a tebulo anamwetsa zigoli 20, zimene palibe anafikapo chiyambire ligiyi mu 2013."

Ndawerenga yonse ndi wotchi, ikukwana mphindi 11 ndi theka.

Achemwali a Ziwerengero:
Pali bho. Cha 21 uchitchule pokhapo ukafika pa gemu ya North Carolina, osati pafupi ndi mawu oti mbiri.

Mkonzi Wausiku:
Kamodzi katsala kamene bwana wakoyo akugwire nako kachitatu. Fainolo inayamba 7 koloko madzulo nthawi ya ku Kansas City Loweruka pa 23 November, koma kuno inali 3 koloko m'bandakucha wa Lamulungu pa 24. Amene anadzuka kuonera akudziwa kuti linali Lamulungu ndipo akutsutsa. Lemba 23 November monga zilili m'mabuku, uonjezere kuti kuno kunali kukucha kwa pa 24.

Wachilendo pa Desiki:
Iii ndinalemba Loweruka lokha. Ndakonza, ndikutumiza kwa bwana pompano. Masekondi 30 otsalawo ndamuika Alex Morgan.

Madala a pa Mayiki:
Musiyeko 10 opumira, mukafika pa chigoli cha Marta mudzafuna kumeza malovu.