Ndalama za m'bokosi zapita ku mabatire

Aphunzitsi: Akuluakulu, ndili ndi dandaulo. Pa msonkhano wathawu munavomera kuti K450,000 yotsala m'bokosi la banki mkhonde yathu ndibwereke ine, ndiwonjezere zanga, ndigule Starlink, makina a intaneti yodzera pa setilaiti, anthu azilipira intaneti pa msika. Lero ndikumva kuti ndalamazo zinatuluka Lachiwiri. Analoleza ndani?

Msungichuma: Aphunzitsi, musandiyese wakuba chonde. Amakiyi onse atatu analipo ndipo zalembedwa m'buku. Tabwereketsa achemwali ogulitsa usipa aja. Inu munangoti mudzatenga, tsiku simunatchule.

Mayi wa usipa: Ndine ndatenga, sindikubisa. Mwana wanga ndi anzake awiri ayamba kakampani ka mabatire. Amagula mabatire akufa a malaputopu, kuwang'amba, kuyeza timabatire ta m'katimo kamodzikamodzi, tamoyo n'kutilumikiza. Dzulo ndaona ndi maso anga siginala wa ku Makawa, uja woyatsa nyali zokopera usipa pa nyanja, atanyamula batire lawo ndi dzanja limodzi, pomwe la galimoto lija ankachita kusenza. Mababu ake anayaka mpaka mbandakucha. Eni zilimira atatu aitanitsa kale.

Aphunzitsi: Sindikunyoza ntchito ya anawo, amayi. Koma zamlengalengazi musamazione ngati zoseweretsa za azungu. Namondwe wa Freddy asanafike kuno mu Malichi 2023, masetilaiti anali atamulondola kuchokera kufupi ndi Australia kwa mwezi wathunthu. Chenjezo la mwera limene amuna anu amamvera asanalowe m'nyanja limadaliranso zithunzi zomwezo. Ngakhale sola ili pa denga lanuyo inakhwimira mlengalenga: setilaiti ya Vanguard 1 inkagwira ntchito ndi sola mu 1958. Starlink inafika m'Malawi mu 2023, ndipo kuno kulibe amene wayamba malondawa.

Wamakiyi: Zoona achimwene, koma chenjezolo limafikira pa foni ya moto. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 tinkayenda mtunda kukatchajitsa. Nayo Starlink yanuyo magetsi akazima idzafuna batire. Komanso imalipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 tonse tinaona mmene zinthu zochokera kunja zinakwerera.

Mlembi: Ine za setilaiti ndi batire ndaziika pambali. Lamulo lathu likuti munthu abwereke katatu ka masheya ake. Masheya a achemwali ndi K100,000, ndiye malire awo ndi K300,000. Chachiwiri, bokosi silitsegulidwa gulu lisanakhale pansi. Ndinalemba m'bukumo chifukwa ndinapeza ndalama zitawerengedwa kale, koma mtima sunandikhale. Ndipo mabatire a lithium akalumikizidwa molakwika amayaka moto. Bwato la munthu likapsa, chiwongoladzanja chathu chidzachokera kuti pogawana mu Disembala?

Msungichuma: Pa bokosipo ndalakwa. Chindapusa ndilipira.

Wapampando: Mulipira inu ndi amakiyi nonse atatu. Achemwali, K150,000 yapamwambayo ibwerere Loweruka. Aphunzitsi muyambire pa imeneyo, zina mudzatenge pa masheya a sabata ya mawa.

Mayi wa usipa: Apampando, ndalamazo anawo agulira kale makina olumikizira ku Limbe. Ndatsala ndi K60,000 yokha. Yotsalayo ndipatseni sabata ziwiri, mdima ukubwerawu usipa ugwidwa.

Aphunzitsi: Sabata ziwiri ndidikira. Koma Loweruka anawo abwere ndi batire limodzi, alitsegule pamaso pa gulu, atiuzenso ngati lingayendetse Starlink usiku wonse ndi mtengo wake.