Kirimu wa mabakiteriya amoyo uja, ndigule kapena ndi kutaya ndalama?

Mayi a Tadala: Moni nonse. Mwana wanga wa zaka 4 chikanga chamuyambanso ndi chiperoni chino. Mopindikira mikono ndi kuseri kwa mawondo kwang'ambika, usiku akukanda mpaka shiti kukhala madontho a magazi. Pali mayi wina ku Limbe akugulitsa kirimu wochokera ku Joni, akuti muli mabakiteriya amoyo abwino othamangitsa oyipa pakhungu. Kabotolo kakang'ono K48,000. Alipo anayesapo?

Bambo a Yamikani, Luchenza: Mayi musayerekeze. Ine ndinagulitsa mbuzi chifukwa cha zimenezi. Ndinatumiza K35,000 pa Mpamba, kabotolo kanabwera pa minibasi katakhala pa dashibodi dzuwa lonse, kotentha ngati mbatata yootcha. Amoyowo ngati analimo anafera pa Bvumbwe. Nditamuimbira wogulitsayo akuti ndinasunga molakwika ndine. Lero nambala sikupezeka.

Aunt Shupe: 35? Ndiye munagula feki achimwene. Weniweni safika pansi pa 60. Ine ndimaitanitsa kwa mlamu wanga ku Johannesburg, mdzukulu wanga khungu lili see ngati tomato. Chotchipa chimadula.

Bambo a Yamikani, Luchenza: Mbuzi yanga sinali feki mayi.

Namondwe: 😂😂 mbuzi iuse mumtendere

NaBanda wa pa Chitakale: Inu Vaseline wa Blue Seal bwanji? Ana anga onse atatu ndawalera ndi ameneyo. Mukangomusambitsa, asanaume bwinobwino, mupakeni wambiri achite kunyezimira. Ndalama yotsalayo mugule feteleza.

Sista wopuma, Likhubula: Ndiyankhepo pang'ono, poti nkhani ya mabakiteriyayi si bodza lonse ayi. Pakhungu la aliyense pamakhala tizilombo, ndipo tambiri ndi tothandiza. Pa chikanga khungu limauma n'kuchita ming'alu, ndiye kachilombo kamodzi kotchedwa Staphylococcus aureus kamachulukana n'kupondereza anzake. Kamatulutsa poizoni wowonjezera kutupa ndi kuyabwa, mwana akakanda ming'alu ikukula, iko kakupezanso malo. N'chifukwa chake chimangozungulira.

Ofufuza a ku University of California San Diego, motsogozedwa ndi Richard Gallo, anaonetsa mu 2017 kuti mitundu ina ya Staphylococcus hominis ndi Staphylococcus epidermidis imapanga mankhwala opha aureus ameneyu, ndipo anayesa kupaka pa odwala. Koma kumeneko kunali kufufuza, ndi tizilombo tosankhidwa bwino mu labotale. Makirimu ambiri a m'mashopu amene amalemba za mabakiteriya muli zidutswa za tizilombo takufa kale. Ena amafewetsa khungu bwino ndithu, koma mukulipirira mafutawo.

Namondwe: Ndiye ife amene sitikonda kusamba mu June tili patsogolo pa sayansi eti Sista

Sista wopuma, Likhubula: Iwe kasambe. Chimene ndimaletsa ndi sopo wopha majeremusi tsiku ndi tsiku, ndi kukhula mwana ndi chinkhupule. Mukupha abwino omwe, khungu n'kumaumirabe.

Che Pofera: Zimenezo ndi mphere basi. Kwathu ku Muloza tinadwala nyumba yonse, mankhwala ake ndi aulere kuchipatala.

Mayi a Tadala: Mphere ayi bambo, timagona mphasa imodzi ndi mng'ono wake koma iye alibe. Zinayamba ali ndi miyezi 6, zimapita n'kubwera.

Che Pofera: Chabwino.

Aunt Shupe: Sista mukunena za mabuku, ine ndikunena zimene ndaona ndi maso.

NaBanda wa pa Chitakale: Aunt, sabata yatha munatiuza kuti mumamupakanso kachubu kena kofiira kaja. Nanga tidziwa bwanji chikugwira ntchito?

Sista wopuma, Likhubula: Kachubuko werengani. Mukapeza mawu akuti clobetasol kapena betamethasone, amenewo ndi masiteroyidi amphamvu. Amaziziritsa msanga, koma kupaka mwana miyezi osaonana ndi dokotala khungu limapyapyala. Kwa ana nthawi zambiri amayamba ndi hydrocortisone 1%, masiku owerengeka. Mayi a Tadala, mukaona pakutuluka madzi kapena nkhanambo zachikasu ngati uchi, apo aureus walowa m'kati, pitani kuchipatala, kirimu sangathe. Zikakanika pemphani kalata yopita kwa akatswiri a khungu ku Queens.

Namondwe: Ndinamva azungu amasambitsa ana madzi a Jik

Sista wopuma, Likhubula: Zilipo, koma wosungunula kwambiri ndipo muyezo amapereka ndi dokotala. Wina asakayese ndi chivindikiro m'beseni chonde.

Bambo a Yamikani, Luchenza: Amene akufuna wangawu watsala theka. K15,000.

NaBanda wa pa Chitakale: Wakufayo?

Aunt Shupe: Ine ndanena zanga. Mlamu akubwera pa 20, ofuna alembetse, koma ndalama patsogolo.

Mayi a Tadala: Mutu wazungulira. Nkhanambo zachikasuzo zilipo pang'ono pa bondo lamanzere, mawa ndilawirira kuchipatala. Alipo akupita ku Limbe Lachisanu andijambulire kuseri kwa botolo lija? Ndikufuna Sista awerenge zolembedwazo.

Namondwe: Ine ndikupita, koma yunitsi ikhale yanu